Likulu Likakhala Zii: Kuthetsa Vuto la Wailesi Pamalo Olandirira Othamanga M'mapiri

Mpikisano wa Hardrock 100 umayambira m'tauni ya Silverton, ku Colorado m'dziko la America, 6 koloko m'mawa wa Lachisanu m'mwezi wa Julayi. Wothamanga amapatsidwa maola 48 kuti azungulire makilomita pafupifupi 165 m'mapiri a San Juan, kudutsa ku Telluride ndi ku Ouray, n'kubwerera kudzapsompsona chimwala chimene chili pomalizira. Silverton yeniyeniyo ili pamtunda wa mamita oposa 2,800, ndiye kuti munthu amayamba liwiro ali kale pafupi ndi msinkhu wa nsonga ya Sapitwa, kenako n'kumakwerabe mpaka pa Handies Peak, mamita oposa 4,200. Mbali yaikulu ya njirayi foni imangosanduka tochi ndi wotchi. Netiweki kulibe.

N'chifukwa chake pamalo olandirira othamanga, pomwe amamwa madzi, kudya ndi kusintha masokosi, pamakhalanso munthu wongodzipereka wa wailesi, mmodzi wa aja ali ndi laisensi ya amateur radio, wailesi yolankhulirana ya anthu wamba. Ntchito yake poinena imamveka yopepuka: kulemba nambala ya aliyense wofika, nthawi imene wafika ndi imene wachoka, n'kuuza likulu la mpikisano. Wina akavulala kapena akalephera kupitiriza, uthenga umadutsa pa iyeyo. Koma pali vuto limene limabwera chaka ndi chaka, kaya ndi ku Hardrock, ku Western States ya ku California kapena mpikisano wina uliwonse wam'mapiri. Mwadina batani, mwaitana likulu, kuli zii.

Zikatero ena amakweza mawati mpaka pamapeto. Ena amagamula kuti wailesi yafa, n'kuyamba kusolola ina m'chikwama. Onsewa ayambira kolakwika. Wailesi siifa kawirikawiri. Chimene chimakhala chitavuta ndi pomwe mwaima, eriyo, nthambo, batire, kapena chala chanu chomwe chinakhudza batani lina mumdima. Musanagwire chilichonse dzifunseni kaye kuti, kodi ineyo ndikuwamva?

Mukuwamva, iwo sakukumvani

Vuto ili ndiye limachuluka kwambiri. M'mapiri otere mauthenga ambiri amadutsa pa repeater, wailesi yoikidwa pamalo okwera imene imalandira mawu anu pa frequency ina n'kuwaponya nthawi yomweyo pa ina. Iyo ili ndi eriyo yabwino, mphamvu zambiri ndi phiri pansi pake. Inu muli ndi ka ovaova ka mawati 5 ndi kaeriyo kalabala kotalika ngati chikhatho. Belu la kutchalitchi limamveka mudzi wonse, koma munthu wa kudimba akakuwa, woimba beluyo samumva. Kuimva repeater si umboni woti nayo ikukumvani.

Yesani chonchi. Dinani batani, tchulani call sign yanu (dzina lanu la pa wailesi lolembedwa pa laisensi), siyani, mvetserani. Repeater ikakumvani imapitiriza kutumiza kwa kamphindi, ndipo mumamva kamchira kakuti "tsss" kapena kabipi kamodzi. Kamchirako kakamveka ndiye kuti mwafika, ngakhale mwina mwafika mofooka. Kakapanda kumveka, yang'anani pa sikirini uku mukudina. Nambala ya frequency iyenera kusintha, ndipo kusinthaku ndi kumene amati offset. Ku America, pa bandi (gulu la ma frequency) ya mamita 2 imasuntha ndi 600 kHz, pa ya masentimita 70 imasuntha ndi 5 MHz, kukwera kapena kutsika malinga ndi repeater yake. Ikangokhala pomwepo, mukulankhulira pakamwa pa repeater m'malo mwa kukhutu kwake. Ikasuntha koma n'kulowera mbali yolakwika, n'chimodzimodzi. Kenako onani tone ya CTCSS, kamawu kotsika kwambiri, monga 100.0 Hz, kamene repeater zambiri zimafuna kukamva zisanatsegule khomo. Tone ikalakwika, olo mutakhala pansi penipeni pa mlongoti wake siikuyankhani.

Mungadabwe kuti zinasintha bwanji pamene dzulo zonse zinali bwino. Wailesi inali m'chikwama ikugundana ndi mapoto, kapena munaigwira mutavala magolovesi, batani limodzi n'kuichotsa pa tchanelo chomwe munasunga. Mukakonza, lokani mabatani. Ndi sekondi imodzi yokha imeneyo.

Zonsezi zikakhala bwino, tsopano nkhani ndi eriyo ndi malo, ndipo apa m'pamene ndikufuna tichedwepo.

Mafunde a VHF ndi UHF, omwe ndi a mabandi a mamita 2 ndi masentimita 70 aja, amakonda kuyenda molunjika ngati kuwala. Phiri likakhala pakati, amatsekeka, koma osati onse: ena amapinda pang'ono pamsana wakuthwa wa phiri, ena amanjanja pathanthwe n'kutsikira m'chigwa. Amene amafika kwa inu amakhala atadzera njira zingapo, ndipo pena amawonjezerana, pena amafafanizana. Pa mamita 2, malo abwino ndi malo akufa akhoza kutalikirana ndi phazi limodzi lokha. Choncho tsegulani squelch (chimene chimatseka mkokomo pakakhala palibe wolankhula), yendani pang'onopang'ono mukumvetsera repeater, ndipo pomwe mkokomo wachepa imani. Unjikanipo timiyala. Pakati pa usiku simudzakumbukira kuti panali pati.

Gwirani wailesi choimirira, eriyo iloze kumwamba. Ikagona chammbali mumataya mphamvu zambiri kuposa zimene batani la mawati lingakubwezereni. Musaisiye pa lamba kapena pachifuwa n'kumalankhulira pa kamaiki kapaphewa, chifukwa thupi lanu, lomwe ndi madzi okhaokha, limameza mafundewo. Kaeriyo kalabala kaja ndi kongoyendera, si kogwirira ntchito m'chigwa. Kachotseni muike yaitali. Kawaya ka masentimita pafupifupi 49 kolendewera kuchokera patsinde pa eriyo kamathandizanso, ndipo mtengo wake ndi wosatchula n'komwe. Koma imene imasintha zinthu kwenikweni ndi eriyo ya J-pole yopinda, ija imakulungidwa n'kulowa m'thumba, mukaikweza mamita 4 kapena 5 m'mwamba. M'nkhalango mumangoponya chingwe panthambi. Pamalo ngati Kroger's Canteen, kampata kopapatiza ka pa Virginius Pass pafupifupi mamita 4,000 m'mwamba, mtengo kulibe ngakhale umodzi, ndipo katundu yense amakwera pamsana. Kumeneko mlongoti ndi ndodo ya mbedza yotambasuka kapena ndodo zoyendera zomangidwa pamodzi.

Ngati muli ndi Yagi, eriyo ija yoloza mbali imodzi, musaumirire kuiloza komwe mapu akusonyeza kuti kuli repeater. Izungulizeni pang'onopang'ono mpaka mubwerere pomwe munayambira. Nthawi zina mawu amamveka bwino mutaloza thanthwe la kutsidya, kumbuyo kwenikweni kwa komwe mumaganizira. Zimaoneka zopusa, koma khulupirirani khutu.

Mawati abwere pomaliza. Kuchoka pa 5 kupita pa 10 wakumva uja mwina sazindikira n'komwe. Kuchoka pa 5 kupita pa 50 kumamvekadi, koma wailesi ya m'galimoto ya mawati 50 imakoka ma amp pafupifupi 10 mukadina, ndipo batire munaisenza nokha pamsana, ndiye mukudziwa kukula kwake.

Kuli zii mbali zonse

Yambani ndi zochititsa manyazi: voliyumu, tchanelo, squelch. Tsegulani squelch yonse. Mukapanda kumva ngakhale mkokomo, onani ngati pulagi ya mahedifoni yalowa theka. Mukaona kuti kanyali kolandira kakuyaka koma mawu osatuluka, mwina mwaika tone kumbali yolandira, ndipo wailesi yanu ikudikira kamawu komwe repeater imeneyo siitumiza. Ichotseni kumbali yolandira, isiyeni kotumiza kokha.

Kenako chitani mayeso amene ine ndimawaona ofunika kuposa onse. Masulani nthambo yopita ku mlongoti, bwezeranipo kaeriyo kalabala kaja. Ngati mukumva bwino ndi kalabala kuposa ndi eriyo ya m'mwamba, wailesi ilibe mlandu, vuto lili mu nthambo kapena zolumikizira zake. Cholumikizira cha PL-259 sichitchinga madzi. Mvula yamasana ikalowamo, kapena mame, mphamvu zimathera momwemo, choncho chikulungeni ndi tepi musanakweze mlongoti. Cha SMA pa ovaova n'chosalimba, ndipo nthambo yolemera ikamachikoka chimathyoka mkati osaonetsa kunja. Ikani kanthambo kofewa, kakafupi, pakati. Kutalika nakonso kumadya: mamita 30 a nthambo ya RG-58 pa bandi ya mamita 2 amameza mphamvu zoposa theka, potumiza ndi polandira pomwe. Ndi bwino kusuntha tebulo kupita kufupi ndi mlongoti kusiyana ndi kuwonjezera nthambo kuti mukhale pafupi ndi moto.

Palinso kugontha kobwera chifukwa cha phokoso la pamalo pomwepo. Jenereta, nyali za LED zokongoletsera tenti, invetala, matchaja otchipa a foni, zonsezi zimatulutsa phokoso lomwe khutu silimva koma wailesi imamva. Ngati munayamba kuvutika dzuwa litangolowa, dzifunseni kuti chayatsidwa n'chiyani. Pemphani azimitse chimodzichimodzi mukumvetsera. Ophika adzang'ung'udza, koma ndi mphindi ziwiri zokha. Wailesi ina ikamatumiza pafupi ndi yanu imaigonthetsanso, makamaka ovaova zotchipa monga za Baofeng, zomwe zimasokonezeka msanga pakakhala mafunde amphamvu. Chodabwitsa n'chakuti pamwamba pa phiri, ndi eriyo yabwino, wailesi yotere ikhoza kumva moipa kuposa m'chigwa, chifukwa ikulandira zonse za m'dera lonselo nthawi imodzi. Talikitsani ma eriyo, ndipo ngati n'kotheka ina ikhale pamwamba pa inzake, osati moyandikana.

Mwina vuto si lanu n'komwe. Repeater yongoikidwira mpikisano imadalira batire ndi sola, ndipo imatha kuzima. Kapena munthu wina kwinakwake wakhalira maiki, batani n'kudinika, ndipo repeater ikangotumiza kwa mphindi zingapo osalekeza imadzitseka yokha. Musaseke, onani kaye ngati wokhalira maikiyo si inu: kanyali kofiira kakuyaka? Dinani batani la reverse kuti mumve pomwe anzanu amalowetsera mawu. Mukamva ena akuitana osayankhidwa, repeater ndi imene yagona. Pitani pa frequency ya simplex imene munagwirizana, ija yolankhulana mwachindunji, ndipo ngati palibe yankho yesani 146.520 MHz, yomwe ku America ndi yoitanirana. Amene mukuwerenga muli ndi malingaliro okachita zoterezi ku Mulanje kapena ku Nyika, manambala a ku America musawakopere. Kwathu bandi ya mamita 2 imalekera pa 146 MHz, ndipo laisensi ndi call sign yoyamba ndi 7Q zimachokera ku MACRA.

Pa simplex likulu mwina simulifika, koma malo oyandikana nanu mukhoza kuwafika, iwo n'kupatsira ena. Apa samalani. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Uthenga wodutsa pakamwa patatu umafika utasintha, "wakhala pansi akupuma" n'kusanduka "wakomoka". Ulembeni kaye papepala, uwerengeni monga mwalembera, ndipo wolandirayo aulembe n'kukuwerengerani.

Masana zimagwira, usiku zasiya

Ndi batire. Pafupifupi nthawi zonse ndi batire.

Chizindikiro chake n'chakuti polandira zonse zili bwino, koma mukangodina sikirini imazirala, wailesi imazima n'kuyakanso, kapena likulu limati mawu anu oyamba okha ndi amene akumveka. Kulandira kumadya pang'ono, kutumiza kumadya kwambiri, ndiye batire yofooka imaoneka yathanzi mpaka mutaipempha ntchito. Poyeza ndi mita, yezani mukudina batani. Batire ya 12 V ikhoza kuonetsa nambala yabwino ili phee, n'kugwera pansi pa 11 V ikangolemedwa. Ngati pa batire penipeni nambala ili bwino koma kumbuyo kwa wailesi yatsika, olakwa ndi mawaya opyapyala, fyuzi yadzimbiri kapena pulagi ija ya choyatsira fodya cha m'galimoto, yomwe sinapangidwire ma amp ochuluka chonchi.

M'mapiri a San Juan, ngakhale mu Julayi, usiku pamalo okwera kumatha kuzizira mpaka madzi kuundana, ndipo batire yozizira imapereka zochepa. Mabatire apadera a ovaova asungeni m'thumba lamkati mwa jekete. Yaikulu isagone pamwala kapena pa chipale, iyalireni chinachake n'kuifunditsa. Ya LiFePO4 ndi yopepuka ndipo imagwira voteji bwino, koma musaitchaje kuzizira kukafika pansi pa 0 °C, imawonongeka. Ndipo mukapeza kuti mawati 5 akufika, khalani pa 5. Othamanga otsogola amadutsa mmodzimmodzi, koma chigulu chapakati ndi akumbuyo, omwe ndi amene amafuna thandizo kwambiri, amafika batire itagwira kale ntchito maola ambiri.

Za mphezi sindichulutsa mawu. Julayi ndi nyengo ya mvula yamabingu yamasana m'mapiri amenewa, ndipo mlongoti wanu ndiye chinthu chachitali pamalopo. Bingu likamveka, uzani likulu kuti mukuzima, masulani nthambo muiponye kutali ndi tenti, gonekani mlongoti ngati nthawi ilipo, chokani pamsana wa phiri. Manambala adzatumizidwa mvula ikadutsa.

Mawu akufika, manambala akulakwika

Vuto ili ndi loopsa kuposa kukhala zii, chifukwa aliyense amaganiza kuti zinthu zili bwino. Likulu likalemba 15 pomwe inu munati 50, ndiye kuti munthu mmodzi ali malo awiri ndipo wina wasowa, ndipo pakapita maola angapo anthu adzadzutsidwa kukafunafuna munthu amene ali bwinobwino akumwa supu kutsogolo.

Mukadina, werengani kamodzi mumtima musanalankhule. Repeater, makamaka zolumikizana zingapo, zimatenga kanthawi kuti zitseguke, ndipo nambala yoyamba imadukira pomwepo. Tchulani manambala limodzilimodzi, 1 kenako 5, osati pamodzi, chifukwa m'Chingerezi 15 ndi 50 zimamveka mofanana pamphepo. Tumizani othamanga 5 kapena kucheperapo, siyani, likulu likuwerengereni. Lozetsani msana kumphepo, maiki ikhale pambali pa kamwa, ndipo musakuwe: pa FM kukuwa sikufikitsa mawu kutali, kumangowaphwanya. Poitana gwiritsani dzina la malo, chifukwa likulu likufuna kudziwa kuti ndi Sherman kapena Chapman, osati kuti ndinu ndani, koma lamulo la FCC, bungwe loyang'anira mawailesi ku America, limafunabe kuti call sign yanu imveke mphindi 10 zilizonse mukamalankhulana ndiponso pomaliza.

Pa wailesi ya amateur palibe chinsinsi. Lamulo sililola kubisa uthenga, ndipo aliyense wokhala ndi wailesi akhoza kumvetsera, kuphatikizapo achibale a wothamangayo. Nenani nambala, osati dzina. Nenani zimene mukuona ndi zimene mukufuna: wasanza kangati, akuyankha bwino kapena ayi, angathe kuyenda kapena akufunika kunyamulidwa. Dzina la matenda lisiyireni achipatala.

Mipikisano ina imatumiza manambala pa kompyuta kudzera pa njira za pa wailesi zotchedwa packet kapena Winlink, ndipo zikamagwira zimachotsa zolakwa za khutu. Koma laputopu nayo imafuna magetsi, imadana ndi kuzizira, ndipo imakonda kuvuta nthawi imene anthu 10 afika limodzi. Pepala ndiye mwini nkhani, kompyuta ndi mthenga chabe. Lembani ndi pensulo, chifukwa bolopeni imakana papepala lonyowa. Nthawi ndi nthawi werengani: ofika, kuchotsa ochoka, kuchotsa osiya mpikisano amene achoka kale pamalopo, yankho lifanane ndi mitu imene mukuiona pamipando ndi m'mabulangete. Likapanda kufanana, pezani cholakwacho pompo. Pofika 3 koloko m'bandakucha, mutakhala maso usiku wonse pamalo a mpweya wochepa, mutu wanu umakhala utafooka kuposa batire, ndiye musinthane ndi mnzanu, wina alembe wina alankhule.

Zonse zikakanika

Pali zigwa zina zomwe VHF siituluka olo mutatani. Kumeneko njira ndi wailesi ya HF, ya ma frequency otsikirapo, yoponya mafunde molunjika kumwamba kuti abwerere pansi ngati mvula, imene amaitcha NVIS. Eriyo ya waya, yotchedwa dipole, imamangidwa motsika, mamita ochepa kuchokera pansi, ndipo phiri silikhalanso chotchinga chifukwa mafunde akutsika kuchokera pamwamba. Kawirikawiri bandi ya mamita 40 imagwira masana, ya mamita 80 usiku, ndiye ngati inagwira masana n'kusiya madzulo, tsikani bandi musanayambe kumasula zinthu. Ku America kulankhula pa mabandi amenewa kumafuna laisensi ya General kapena yoposerapo, ndipo kulikulu kukhale wina amene akumvetsera kumeneko. Izi zimakonzedwa mpikisano usanayambe, osati usiku wa vuto.

Kachipangizo ka setilaiti monga Garmin inReach ndi kothandiza, koma kamafuna thambo loonekera, ndipo m'chigwa chopapatiza uthenga umatha kuchedwa. Katulutseni mu tenti, kaikeni poyera, ndipo muyambe uthenga ndi dzina la malo ndi nthawi. Zimenezinso zikalephera ndipo pali wodwala, tumani anthu awiri, osati mmodzi, akwere ndi ovaova ndi uthenga wolembedwa mpaka pomwe repeater ikumveka, wina atsale ndi wailesi pansi kuti azilandira yankho pa simplex.

Ambiri mwa mavutowa amaonekera mukafika msanga. Yesani wailesi muli pamalo penipeni pomwe tebulo lidzakhale, ndi eriyo, nthambo ndi batire zomwe mudzagwiritse, dzuwa likadalipo. Kuyesera poimika magalimoto m'munsi sikukuuzani kanthu za kumtunda. Lembani ma frequency onse, offset ndi tone papepala, limateni pa chivundikiro cha bokosi. Gwirizanani ndi likulu kuti mukasowana kwa mphindi zakutizakuti, nonse mudzapita pa frequency iti.

Ndipo wothamanga womaliza akachoka, musafulumire kutsitsa mlongoti. Dikirani osesa njira, aja amayenda kumbuyo kwa onse, afike ndi kudutsa. Werengani mndandanda wanu ndi likulu nambala ndi nambala, mumve kuti aliyense amene anachoka kwa anzanu akumbuyo wafika kwa inu, ndipo likulu linene lokha kuti mukhoza kutseka. Potsika phiri ovaova ikhale yoyaka, eriyo yaitali ili pomwepo, mpaka mutafika pa galimoto n'kuwauza kuti mwafika.